Galimoto Yokwana Anthu Atatu

Faenza, 10 Juni 2011

Mama wanga okondedwa,

Ndapsompsona dzanja lanu. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likupwetekabe? Nanga Ilinca wanga, dzino limagwedera lija linachoka? Ife kuno tili bwino, ine ndi Marinel. Mapichesi ayamba, tikuthyola kuyambira 6 koloko m'mawa. Ubweya wake ukundiyabwa m'khosi ngati chaka chatha, koma si matenda.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni sinditha kulankhula. M'chipinda muno tilimo akazi asanu ndi mmodzi, ndikangoti "Mama" onse amaika supuni pansi n'kutchera khutu. Kalatayi ndiika m'katoni imene abweretse Nea Mitica a minibasi. Mulinso nsapato za Ilinca, khofi wanu ndi sopo. Nsapatozo zikamukulira, muike thonje kutsogolo.

Nkhani ndi iyi. Marinel akufuna tigule galimoto yogonamo, zija zimakhala ndi bedi, mbaula ndi madzi m'kati momwemo. M'Chitaliyana cha kuno amati kampa. Yakale, osati yatsopano. Akuti tatopa. Kukatentha tili kuno ku mapichesi, kukazizira tili ku Metaponto ku malalanje, ndipo konseko timagona mosiyana, iye kwa amuna ine kwa akazi, ngati sitinamange ukwati m'tchalitchi. Ine ndinavomera msanga pa chifukwa chimodzi. Nyumba za pamunda sizilola ana, mukudziwa. Koma galimoto ikakhala yathu palibe angatiletse. Eni minda amalola kuiimika kuseri kwa shedi n'kulumikiza magetsi. Banja lina la ku Bacau, kwathu ku Romania, limachita chomwecho, ndipo mwana wawo amapita kusukulu ya konko, amaweruka madzulo makolo atabwera kumunda.

Chovuta ndi katundu. Galimoto yotere ikaima yaima, sungaidzutse tsiku ndi tsiku kukagulira buledi. Ndiye iyenera kukhala ndi kachipinda kosungiramo zinthu kumbuyo, amati galaja, molowa sikuta ya Marinel ndi njinga zathu ziwiri zopalasa. Sikutayo musaione ngati choseweretsa. Ku Metaponto minda ina ili kutali makilomita 20, ndipo wopanda njinga yamoto salembedwa ntchito. Koma mukudziwanso mmene amaikondera. Amaipukuta kuposa nkhope yake.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Munditumizire tepi yanu yoyezera nsalu, yachikasu ija. Ndiponso mumuimike Ilinca pachitseko alibe nsapato, mulembe utali wake. Musamuuze chifukwa chake.

Lamulungu lapitali, Ilinca atakana kubwera pafoni, ndinamumva akuti, "Mama, ndani ameneyo?" Ndinadziwa kuti akufunsa inu. Sindikudandaula. Ndangonena.

Mpesa muupopere mankhwala mvula isanabwerenso, koma musakwere makwerero nokha, muitane a Ghita apafupiwo.

Ndine mwana wanu,
Petronela


Faenza, 1 Julayi 2011

Mama wanga,

Ndapsompsona dzanja lanu. Ndakondwa kumva kuti bondo lachepa. Ife tili bwino, kungoti kwatentha, usiku wonse timangotembenuka.

Tepi yafika, pamodzi ndi mabotolo asanu ndi limodzi a jamu, palibe losweka. Masentimita 114! Ndinayeza pakhoma la kuno n'kuika kadontho ka pensulo. Akundifika pachifuwa, Mama. Ndinamusiya ali m'chiuno.

Loweruka titaweruka tinapita pa sikuta kumalo ena ogulitsa makampa m'mbali mwa msewu waukulu. Anatilandira bambo wina wa nsapato zoyera, wolankhula ngati wailesi. Anatitengera ku ina yayitali, ya mayuro 13,000, n'kutsegula galaja yake.

"Taonani, bwana," anatero kwa Marinel. "Muno mungavinemo ukwati. Sikuta, njinga, ngakhale apongozi anu alowa."

Marinel anaseka n'kulowamo chokwawa, n'kukhala pansi m'katimo ngati wafika kwawo. Ine ndinatulutsa tepi mwakachetechete. M'kati munali masentimita 120 kuchoka pansi kufika pamwamba. Koma khomo lake linali 104. Sikuta ya Marinel pa mahandulo ndi 113, ndinali nditayeza kale m'mawa iye akumeta ndevu. Ndinayezanso khomolo kachiwiri kuopa kuti ndalakwitsa. Ndinamukoka malaya n'kumunong'oneza.

"Petronela, bisa chitepi chakocho," anatero. "Ukundichititsa manyazi."

Wa nsapato zoyera uja anamva. "Muipendeketsa pang'ono, sinyora. Aliyense amapendeketsa."

Awiriwo anaika thabwa n'kuyamba kukankha. Anapendeketsa kumanja, anapendeketsa kumanzere, mpaka galasi loonera kumbuyo linakhula chitsulo cha khomo, tonse tinamva kuti khwee. Sikuta sinalowe.

Iwo akulimbana nayo, ine ndinakwera m'kati kukaona mipando. Yokhala ndi malamba inali iwiri yokha, ya kutsogolo. Kumbuyo kunali benchi la m'mbali lopanda lamba. Ndinafunsa m'Chitaliyana changa chothyokachi kuti nanga mwana adzakhala pati pa ulendo.

"Mwana?" anatero bamboyo. "Abwanawa sananene za mwana."

Marinel anali atapita kumeneko kawiri ndisanapite ine. Ndinamuyang'ana. Iye anali kupukuta galasi lake lokalika ndi chala.

Pobwerera sitinalankhule, pa sikuta mphepo imasokosa, mwina n'chifukwa chake.

Nkhuku zimene mwati zikudwala muzipatule msanga. Ilinca asazigwire.

Mwana wanu,
Petronela


Faenza, 22 Julayi 2011

Mama,

Ndapsompsona dzanja lanu. Tili bwino. Chifuwa cha Ilinca chili bwanji? Chikapitirira sabata mupite naye kuchipatala, musadikire uchi wokha.

Taona zina zitatu. Yoyamba sikuta inalowa bwinobwino, koma njinga zinasowa malo, mwini wake anati tizimangirira padenga. Ine ndingafike bwanji padenga? Yachiwiri zonse zinalowa, malamba anali anayi, ndinayamba kusangalala. Koma munali kafungo ngati m'chipinda chathu chosungira mbatata. Ndinadina khoma pansi pa windo ndi chala, chala chinalowa ngati mu buledi. Madzi anawoletsa matabwa m'kati. Mwana wa chifuwa sangagone mmenemo. Yachitatu tinafika atagulitsa m'mawa womwewo.

Marinel watopa nane. Akuti ndikapita kumwamba ndidzayeza chipata ndisanalowe. Amuna a kuchipinda kwake amva, tsopano ndikamadutsa amakuwa kuti, "Bisani makosi, wa tepi uja akubwera!" Rodica, amene bedi lake lagundana ndi langa, akuti ndiziwayankha. Ndiwayankha chiyani?

Sindikugona bwino. Ndimawerengera masabata. Ntchito ya kuno itha kumapeto kwa Okutobala, ndipo tikatsikira ku Metaponto tilibe galimoto, ndiye kuti chaka china chapita.

Zimene munalemba zija, zoti mwana wazolowera kwanuko ndipo asamachotsedwe ngati mbande, ndawerenga katatu. Lero sindiyankha. Chimene chandidabwitsa n'chakuti mawu omwewo ndinawamvanso kuno sabata yatha, pakamwa pena. Kodi Marinel anakuimbirani foni? Ngati sanaimbe, iwalani kuti ndafunsa.

Ndaika mayuro 100 m'sokosi yabuluu, n'za nkhuni. Mugule tsopano zisanakwere mtengo.

Petronela


Faenza, 19 Ogasiti 2011

Mama wanga okondedwa,

Ndapsompsona dzanja lanu, mupsompsonenso Ilinca pamphumi. Ndathokoza Mulungu kuti chifuwa chatha. Ife tili bwino. Pepani ndakhalitsa osalemba, ndinalibe chabwino cholemba. Lero chilipo, koma ndikuopa kuchitchula mokweza.

Tapeza ina. Eni ake ndi Sinyor Oriano, nkhalamba imene inkagwira ntchito ku njanji, ndi akazi awo Sinyora Ebe. Akuigulitsa chifukwa a Ebe chiuno chawo sichilolanso kukwera masitepe. Akhala nayo zaka 16, ndipo m'kati mwake mungadyere pansi. Akufuna mayuro 9,500. Tikhoza kukwanitsa.

Ndikufotokozereni bwino kuti muione. Pamwamba pa dalaivala pali bedi lalikulu, ndilo lathu. Pakati pali tebulo ndi mipando ya malamba. Kumbuyo kwenikweni kuli mabedi awiri osanjikizana, ankagonapo adzukulu awo. Lapansi limapindikira m'mwamba, ndipo likapindika malo ake amasanduka galaja, khomo lake lili panja. Lapamwamba limatsala. Ndi lalitali masentimita 180, lili ndi kawindo kake ndi thabwa loteteza kuti mwana asagwe. Ndinakwerapo n'kugonapo pang'ono pamene onse anali panja.

Khomo la galaja ndi 116. Sikuta inalowa, pamwamba kutsala zala ziwiri. Njinga zinalowa m'mbali mwake, yanga kutsogolo ya Marinel chobwerera, titachotsa gudumu limodzi. Marinel anatseka chitseko n'kuchimenya ndi dzanja, nkhope yonse mano okhaokha.

A Oriano atandiona ndi tepi sanaseke. Anati, "Ebe, taona, abweretsa injiniya."

A Ebe anali pampando pamthunzi. Anati, "Ukanakhala ndi wotero iwe, chitsiru chokalamba, sukanaphwanya denga pa mlatho uja ku Ancona."

"Mlathowo ndiwo unali wamfupi."

"Eya, unafupika utakuona."

Marinel anatulutsa dzanja kuti agwirizane, koma a Oriano anaika manja awo kumbuyo. Anati kulowa kwa katundu ndi nkhani ina, kulemera ndi nkhani ina. Laisensi ngati ya Marinel imalola galimoto yosaposa makilo 3,500, zonse pamodzi, anthu, madzi, mafuta, ngakhale supuni. Galimoto iyi nayonso inapangidwira pomwepo. Ukapitirira, apolisi akakuimitsa amakutsitsa katundu pamsewu, komanso matayala a kumbuyo amatentha pa ulendo wautali.

"Apolisi sayeza," anatero Marinel.

"Apolisi mwina ayi, mwana wanga, koma phiri limayeza. Ine ndaonapo galimoto yotere itagona chammbali, mapoto ali mbwee mumsewu. Yangayi sindigulitsa kwa munthu amene sanaikweze pa sikelo. Mudzaike zonse zimene mudzayende nazo, tipite pa sikelo ya alimi a mphesa. Ikavomera sikelo, ndavomera ine."

Ndiye Mama, ndikupemphanso. Mupite ndi Ilinca kuchigayo, mukamuyeze pa sikelo ya chimanga. Avale jekete lake la chisanu ndi nsapato zazikulu. Kanjinga kake mukayeze pakokha. Mukalembe manambala pomwepo, musadalire kukumbukira. Akafunsa, mumuuze kuti mayi ake akufuna kudziwa ngati akudya.

Ndine wanu,
Petronela


Faenza, 9 Sepitembala 2011

Mama,

Ndapsompsona dzanja lanu. Tili moyo. Tachoka ku mapichesi, tsopano tili ku maapulo, zipatso za makiwi zibwera pambuyo.

Manambala ndalandira, Ilinca 22, kanjinga 9. Mwati anakana kutsika pa sikelo mpaka a chigayo anamuyeza katatu. Ameneyo ndi mwana wanga ndithu.

Afikanso makatoni atatu a mabotolo. Ndinawerenga, pamodzi ndi akale akwana 40, biringanya wophika, nkhaka zowawasa, jamu wa mapulamu. Mwavutika, Mama, ndipo ndikudziwa kuti munaima pamoto ndi bondo limenelo. Mabotolowo ali pansi pa bedi langa ndi la Rodica. Marinel akuti popanda biringanya wanu malalanje sathyoleka.

Sikelo sitinapitebe. Ndi nyengo yokolola mphesa, mathirakitala amandandana kuyambira m'mawa, ndipo mayi woyang'anira sikeloyo wati tidikire kumapeto kwa mwezi. Pali munthu wina wa ku Forli amene akuifunanso galimotoyo, wabwera kale kawiri. A Oriano amuuza kuti adikire ife, koma adikira mpaka liti? Ndikamathyola ndimangoyang'ana kumsewu ngati ndiiona ikudutsa ndi munthu wina. Dzulo ndinaika maapulo aakulu m'bokosi la aang'ono, kapitawo anandikalipira, ine amene sindinakalipiridwepo.

Marinel walemba papepala zonse zokakweza pa sikelo. Ndinaliona pepalalo m'thumba la malaya ake pochapa. Walemba bwino, mpaka pampu ya njinga. Ndinaliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso. Sindinamufunse kanthu. Ndangopempha matumba awiri opanda kanthu kushedi, ndipo Lamulungu ndipita kwa a Ebe pa njinga, pali chimene ndikufuna andisungire.

Nkhumba musagulitse kaye.

Petronela


Faenza, 30 Sepitembala 2011

Mama wanga,

Ndapsompsona dzanja lanu. M'thupi ndili bwino. Kalata iyi ndaiyamba kachiwiri, yoyamba ndinaing'amba.

Dzulo masana tinapita ku sikelo. Tinali titalongedza zonse, zovala, mapoto, zofunda, mabotolo anu, sikuta ndi njinga m'galaja. Madzi tinatsanula kutsala ndowa imodzi, zitsulo za Marinel tinatenga theka lokha. Marinel anayendetsa, ine pambali pake. A Oriano ndi a Ebe anatitsatira pa kagalimoto kawo.

Sikeloyo ndi chitsulo chachikulu chapansi, galimoto imakwerapo yonse. Pambali pali kanyumba, ndipo mayi woyang'anira, dzina lake Nives, amatulutsa mutu pawindo n'kukuwa nambala kuti aliyense amve. Kumbuyo kwathu kunali mathirakitala atatu a mphesa akudikira.

"3,550!" anakuwa a Nives.

Marinel anatukwana pang'ono. A Oriano anasuzumira m'kati n'kuona makatoni. "Muli chiyani umu, miyala?" Atatsegula anagwira mutu. "Ebe, bwera udzaone! Anthuwa asamutsa munda wonse wa ku Romania!"

Tinatsitsa makatoni onse atatu n'kuwaika pa udzu. Ndikhululukireni, Mama.

"3,500! Pamalire penipeni!"

Marinel anawomba m'manja. Anatsika n'kupita kwa a Oriano dzanja lili kutsogolo. Pamenepo ine ndinatsikanso n'kupita ku kagalimoto ka a Ebe. M'menemo munali matumba amene anandisungira. Matumba awiri aja ndinali nditawadzaza mchenga n'kuwayeza pa sikelo ya kushedi. Lina linali makilo 28, loimira kanjinga, zovala, mabuku, bulangete ndi mpando wa ana wa m'galimoto. Linalo linali 22. Ndinalemba manambala pamatumbapo ndi makala. La 28 ndinalikokera m'galaja. La 22 ndinalinyamula pachifuwa, n'kulikhazika pampando wa patebulo, n'kulimanga lamba.

Wa thirakitala wina anakuwa, "Sinyora, mbatatayo ili ndi tikiti?" Anzake anaseka.

Marinel anabwera pakhomo. "Ichi n'chiyani tsopano?"

"Ndi Ilinca," ndinatero. "Papepala lako panalibe."

Anakwera, ine ndinakhala pampando wanga.

"3,550!"

Ndinatsika n'kutulutsa njinga yanga. Ndinati ndiziyenda pansi. Nditakweranso, inabwera 3,530. Marinel anatulutsa yakenso, osandiyang'ana.

"3,520! Atsala makumi awiri, anthuni, fulumirani, mphesa zikuwira padzuwa!"

Makumi awiri, Mama. Ndipo thumba lili pampando, nambala yake yamakala ikuonekera pawindo. Aliyense anaiona. A thirakitala aja anasiya kuseka. M'galaja munatsala chinthu chimodzi chachikulu, cha makilo 135, ndipo palibe anachitchula.

Marinel anayamba kulankhula m'chilankhulo chathu, motsitsa. "Petronela, chaka chimodzi chokha. Ali bwino kwa mama ako, akudya, ali ndi anzake. Popanda sikuta ndikagwira ntchito yanji kumeneko? Tidzadya mchenga wakowo? Chaka cha mawa tidzagula yaikulu."

"Chaka chatha unatinso chaka cha mawa."

"Usayambe pano, anthu akutiona."

Mukundidziwa, Mama, ine ndi anthu. Kusukulu ndinkalephera ngakhale kupempha kupita panja. Koma ndinamasula lamba uja, ndinanyamula thumba, ndinatsika nalo pa sikelo n'kuima pa udzu.

"3,440!" anakuwa a Nives. "Mwakwana!"

"Wamva," ndinatero kwa Marinel, ndipo mawu anatuluka aakulu, sindikudziwa anachokera kuti. "Wakwana. Bwezeramo njinga yako, bwezeramo ndi biringanya. Ine ndi uyu tikwera minibasi."

Ndinayamba kuyenda. Kuchokera ku sikelo kufika kunyumba za pamunda ndi makilomita atatu. Makilo 22 ndi olemera, Mama, sindinkadziwa. Ilinca ndinamunyamula komaliza ali ndi makilo 13. Ndinapuma kanayi. A Ebe anandipeza pa kagalimoto kawo n'kutsegula chitseko, koma ndinapukusa mutu, ndipo iwo anangonditsatira pang'onopang'ono kumbuyo mpaka pageti.

Marinel sanabwere kudzandiona. M'mawa uno kumunda anapempha mzere wakutali ndi wanga. Za galimoto sindikudziwa ngati wagula kapena yapita ku Forli.

Ndauza Nea Mitica kuti andisungire mpando Loweruka la pa 15 Okutobala. Wopita wokha. Ndikudziwa kuti kwathuko kulibe ntchito, ndikudziwanso zimene anthu adzanene. Musandilembere zondibweza, kalata yanu idzandipeza ndili m'njira. Mungondiyalira pa bedi langa lakale.

Petronela


Faenza, 7 Okutobala 2011

Mama wanga okondedwa,

Ndapsompsona dzanja lanu. Ndili bwino, tonse tili bwino. Ndikudziwa kuti kalata yapita ija yakusowetsani tulo. Werengani iyi mutakhala pansi.

Masiku anayi sitinalankhulane. Lolemba madzulo ndinali kuchapa kuseri kwa nyumba pamene ndinamva phokoso ngati udzudzu uli m'chitini, ndi amuna akufa nazo kuseka pageti. Rodica anandikoka dzanja sopo ali m'manja. Anali Marinel. Anakwera kasikuta kakang'ono kofiira, kokhala ndi dengu kutsogolo, mawondo ake atafika m'makutu.

"Marinel, agogo ako akudziwa kuti waba njinga yawo?" anakuwa mmodzi wa amunawo.

"Tsika uikankhe, ufika msanga!"

Iye anadutsa pakati pawo ngati sakumva n'kudzaima pamaso panga. Anazimitsa. Anati, "Usaseke."

"Sindikuseka," ndinatero, misozi ikutsika, manja anga asopo ali pa malaya ake.

"Ndiye usalirenso, wandinyowetsa kale mokwanira."

Kasikutako n'ka a Ebe, ankapitira kumsika chiuno chisanayambe. Kamalemera 75. Yake ija wagulitsa kwa mmodzi wa a thirakitala aja, amene anaiona tsiku lija m'galaja. Marinel akuti a Oriano anamusunga pakhonde pawo madzulo awiri, ndipo a Ebe anamuuza mawu amene sakufuna kuwabwereza. Kameneka sikathamanga, ku minda yakutali azidzuka theka la ola msanga. Ndinati ndizidzuka naye kumupangira khofi. Anati, "Uzidzuka, nanga n'chifukwa cha ndani."

Lachiwiri tinabwerera ku sikelo ndi zonse, njinga ziwiri, kasikuta, matumba onse awiri. Thumba la 22 analimanga lamba Marinel mwini. A Nives anakuwa 3,490, ndipo a Oriano anatulutsa dzanja. Makilo khumi otsalawo tatengako mabotolo asanu ndi atatu, enawo ndagawira akazi a m'chipinda ndi a Ebe. Musakhumudwe. A Oriano akuti biringanya wanu akanamudziwa kale akanakwatira ku Romania, a Ebe akuti apite, msewu ndi womwewo.

Sindinganene kuti zonse zatha. Marinel amakhala chete nthawi zina, ndipo dzulo mwini watsopano wa sikuta ija anadutsa nayo pamsewu, iye anasiya kuthyola mpaka phokoso litazimirira. Zimene ananena pa sikelo sindinaiwale, iyenso zanga sanaiwale. Koma Lachitatu anapempha tsiku, anapita ku Bologna pa kasikuta komweko, maola awiri kupita maola awiri kubwera, kukasaina pepala lololeza kuti mwana atuluke m'dziko ndi ine ndekha. Sindinamutume. Pepalalo lili pano, lili ndi chidindo, ndaliika m'pulasitiki.

Tsopano za inu, Mama. Funso lanu lija la mbande sindinayankhe. Mwamulera zaka zitatu, mwadzuka naye akutsokomola, mukudziwa chimene amadya ndi chimene amataya pansi pa tebulo, zimene ine ndiyenera kuphunzira kwa inu. Ndikudziwa kuti nyumba idzakula akachoka. Ndilibe mawu okonzera zimenezo. Koma ndi mwana wanga, ndipo ndikadikiranso chaka china adzandipatsa moni ngati mlendo wobwera ndi katoni. Mundikhululukire, ndiponso mundithandize. Akalira pochoka, musalire pamaso pake, chonde.

Mumuchapire jekete la chisanu. Pasipoti yake ili m'bokosi la mabatani, pansi pa zithunzi. Kalata yake ya katemera mukatenge kuchipatala, kusukulu adzaifuna. Kanjinga mukamange mahandulo ndi chingwe kuti kalowe m'minibasi. Zidole asankhe yekha, koma zisapose thumba limodzi la sukulu.

Mpando wa pa 15 uja sindinabweze, ndikubwerabe, tifika Lamulungu madzulo. Ndikhala nanu masiku anayi. Nea Mitica wandisungiranso yobwerera, Lachinayi pa 20. Anafunsa kuti ingati. Ndinati iwiri, wina ukhale wa pawindo.

Ndine mwana wanu,
Petronela